Matayala a Winta

Alamu,

Pepani, galimoto ndatenga ine. Lero mukwere basi popita kuntchito, khadi yanga ya basi ili pansi pa kapuyi.

A galaja ya ku Oshawa, amene amatisungira matayala a winta, oyendera pa chipale chofewa aja, andiimbira m'mawa uno kundikumbutsa kuti ndifike 9 koloko kukasinthitsa matayala. Ndawauza kuti sitinapangane chilichonse. Mayi wa pafoniyo wati, "Madamu anu ndi amene anaimba Lachiwiri. Anati tikuimbireni kawiri, poti kamodzi simumva." Wandiwerengera nambala imene inaimbayo. Ndi ya mlongo wanu.

Mukudziwa kuti foni imeneyo ili mudilowa kuchipinda kwanga kuyambira pamene tinawaika m'manda mu Malichi. Ndatsegula dilowayo. Foni ili pomwepo, yozima, ndipo layini yake ndinatseketsa kalekale.

Mwina ndi makompyuta awo akubwereza za chaka chatha. Ndikufuna kukhulupirira zimenezo. Koma zoona n'zakuti za matayalazi ankayendetsa ndi iwo, ndipo ine ndakhala ndikuzengereza dala. Loweruka ndimati ndikamutenge mwana wathu Nthanda kuyunivesite ku Hamilton pa matayala omwewa a chilimwe, chonsecho pawayilesi akuti chipale chofewa chiyamba kugwa Lachisanu.

Ndiye ndapita. Zaka 22 sindinawapambanepo pamkangano, sindingayambe lero.

Nthanda musamuuze. Ndipo mukamva foni ikulira kuchipindako ndisanabwere, musathawe. Ingoyankhani, muwauze kuti ulendo uno ndamva koyamba komwe.

Fabian