Tisowo Tatsala Tiwiri, Dzina Lanu Silinathe

Amayi anga, kodi kumeneko mukupezako bwanji?

Ife kuno ku Mbedza tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Chikondi wachira, mwana ndi wamkazi, wonenepa, wa tsitsi lambiri. Ndinamuwerenga zala zonse, za m'manja ndi za kumapazi, mayi wake akundiseka. Munda wanu wa kutsidya kwa Likangala watipatsa chimanga chochepa chifukwa madzi anakokolola mizere ya kumunsi, koma nandolo wabereka bwino. Mawondo anga ndi omwe aja, chifunga chikatsika m'phiri amayamba kulira.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Achimwene aWiliyamu amaliza kumangitsa chiliza chanu, ndipo abale tonse tikumana kumanda Loweruka lino. Ine ndinapempha kuti dzina lanu ndicheke ndekha pa thabwa la chitseko chanu chija cha mlombwa. Chiswe chinachidya kwambiri, panangotsala chidutswa chimodzi chabwino, chotalika ngati mkono wanga. China palibe. Ndikachiwononga, ndiye kuti zathera pomwepo.

Makina ake mukuwadziwa, aja anasiya malemu mkamwini wanu, amene ndakhala ndikuchekera zilembo za ana a sukulu zamkaka chipumireni uphunzitsi. Munkaima pakhomo n'kumandifunsa kuti, "Iwe Folorensi, ukucheka thabwa kapena ukulisoka?" Simunkalakwa, chifukwa kasowo kake kamakwera ndi kutsika ngati singano. Tisowoti tili ndi manambala. Ka nambala yaing'ono n'kopyapyala, mano ake ndi ambiri komanso ang'onoang'ono. Kamakhota bwino m'makona a chilembo, koma kakatentha sikachedwa kuduka. Ka nambala yaikulu n'kokhuthala, kamakhalitsa, koma pokhota kamavuta ndipo kamadya thabwa kwambiri. Pa chilembo chilichonse ndimayamba ndaboola kabowo, n'kupisamo kasowo ngati ulusi, kenako n'kucheka kuchokera m'kati.

Ndinajambula dzina lanu ndi pensulo, ESINATI NAMBEWE, zilembo khumi ndi zinayi, ndipo pansi pake manambala asanu ndi atatu a chaka chobadwa ndi chaka chimene munatisiya. Thabwalo ndi laling'ono, choncho timabowo ndinaboola tating'ono kwambiri, tonse tsiku limodzi. Nditatero m'pamene ndinatsikira m'tauni, ku sitolo ya amwenye yogulitsa zitsulo. Mwini wake anandifunsa kuti, "Agogo, mukufuna ta mapini kapena topanda?" Ine maganizo anga onse anali pa kuuma kwa mlombwa, ndiye ndinati, "Ndipatseni tolimba kwambiri, uwu si paini." Anandipatsa ta nambala seveni, tokhala ndi kapini kopingasa ku nsonga zonse ziwiri.

Amayi, nditafika kunyumba kapini kaja kanakana kulowa pa kabowo. Ndinayesa timabowo tonse, palibe pamene kanadutsa. Kukulitsa bowo kukanadya miyendo ya zilembo. Ndinabwerera ku sitolo, iwo amvekere, "Pepani agogo, topanda mapini tatha. Tibwera ndi galimoto ya ku Limbe sabata yamawa, Mulungu akalola." Ndapitakonso, yankho ndi lomwelo. Moti panopa ndili ndi tisowo khumi ndi tiwiri tolimba zedi, tongogona m'pepala lake.

Ndinatsegula kachitini ka mkamwini wanu n'kupezamo topanda mapini khumi ndi kamodzi, tonse ta nambala firii. Tinayi tinali titachita dzimbiri ndi chinyezi cha kuno ku Zomba, ndinangokhudza n'kuthyoka. Tabwino tinatsala tisanu ndi tiwiri. Pa thabwa lofewa la paini, kasowo kamodzi kakanandifikitsa kutali, koma pa mlombwa wanu kakacheka zilembo ziwiri kapena zitatu mano amabuntha, thabwa n'kuyamba kununkha kupsa. Kena kanadukira m'mimba mwa S chifukwa ndinakankha thabwa mwamphamvu, ndikuthamangira kuti magetsi asazime. Kulira kwake kunandidutsa pamtima. Panatsala chipsera chakuda, ndachikwecha ndi sandipepa koma ine ndikuchionabe.

Kumene ndafika ndi uku: zilembo khumi zatha, zatsala B, E, W ndi E. Tisowo tatsala tiwiri. B ali ndi mimba ziwiri, W ali ndi makona akuthwa, ndipo manja angawa sakhazikikanso ngati kale. Ndawerengera mobwerezabwereza, yankho silikusintha. Tisowo tiwiri tingamalize dzina, ngati kena sikaduka. Manambala sitingawafike.

Dzulo achimwene anabwera kudzaona. Anatembenuza thabwalo n'kunena kuti, "Achemwali, mukuzunzikiranji? Tipite kwa olemba zikwangwani, alembe ndi penti pa lata, mawa lomwe zatha." Ndinawayankha kuti, "Amayi ankatsegula ndi kutseka chitseko ichi moyo wawo wonse. Latalo akulidziwa?" Iwo anati, "Nanga zaka? Chiliza chopanda zaka, anthu akati chiyani? Akati mphunzitsi wa masamu waiwala manambala." Anaseka, inenso ndinasekako, koma atapita nkhaniyo sinandichoke m'maganizo.

Ndinakumbuka mmene munkachitira kuchipatala akakufunsani zaka zanu. Munkandiloza ine n'kunena kuti, "Funsani uyu, ndi amene amasunga zimenezo. Ine ndimangodziwa kuti ndine Nambewe." Sindikunena izi kuti ndidzipepuze. Zikundiwawa ndithu, chifukwa chaka chanu chobadwa ndinachifufuza movutikira kwa azakhali ndi kutchalitchi, ndipo ndinkafuna kuti zidzukulu zikachione. Koma ndikagawa tisowo tiwiriti pakati pa dzina ndi manambala, ndiopa kuti zonse zikhala zosatha, inu n'kugona pansi pa dzina loduka.

Choncho lero m'mawa ndatola utuchi wa chitseko chanu womwe unagwera pansi pa makina, ndasakaniza ndi guluu, ndipo ndatseka timabowo ta manambala tonse tisanu ndi titatu. Pensulo ndafufuta. Guluu akauma ndikwecha bwinobwino. Achimwene sindinawauze, akaonera konko, ndipo akakalipa ndikapirira.

Loweruka mukaona dzina lokha musadabwe. Ndikulonjeza kuti sindikankhanso thabwa, ngakhale magetsi azime kangati. Ndipita pang'onopang'ono, kasowo kakatentha ndiziima, mpaka E womaliza atuluke wathunthu. Mawa ndiyamba ndi B. Mundigwireko dzanja, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Folorensi