Timapepala ta Apongozi

Lachitatu, 12 Juni

Okondedwa mwana wanga,

Usadabwe kuti zilembo zikupendama, ndalemba ndekha. Masiku onse amandilembera ndi mkazi wako, koma nkhani ya leroyi ndachita nayo manyazi kuidutsitsa m'manja mwawo.

Paja ukudziwa kuti apongozi angawa akukonzekera kafukufuku wa kusukulu kwawo. Aphunzitsi anawauza kuti ayambe alemba mndandanda wa mabuku onse amene awerenga, ndipo pansi pa buku lililonse afotokoze mwachidule zimene likunena, ngati lili lodalirika, ndi pamene liwathandize. Mabuku makumi atatu ndi limodzi, mwana wanga. Miyezi iwiri akhala akulemba maganizo awo pa timapepala n'kumatilowetsa m'mabukumo.

Loweruka atapita kogula zinthu, ndinati ndisamangodya ndi kugona m'nyumba mwa eni. Ndinapukuta fumbi patebulo, n'kusanja mabuku, aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Timapepala tija tinkasuzumira m'mbali ngati ulusi wotsalira pamsoko, ndipo iwe ukundidziwa, telala wa zaka makumi anayi saona ulusi ukulendewera n'kuusiya. Ndinatisolola tonse.

Atabwera sanakalipe. Anangokhala pampando n'kunena kuti, "Bambo, ntchitoyi ikufunika Lachisanu. Pa timapepala tija sindinalembepo maina a mabuku." Bola akanandikalipira. Ndinalowa kuchipinda n'kulongedza chikwama, poganiza kuti nkhalamba yowononga siyenera kudikira kuti ichite kuuzidwa.

M'mawa ndinawapititsira timapepalato kuti ndipepese. Sindinataye ayi. Ndinkati ndikasolola m'buku limodzi, ndinkatitunga pa ulusi ndi singano n'kumanga mfundo, kenaka buku lina, monga ndinkasungira miyezo ya makasitomala. Apongozi anauyang'ana ulusiwo nthawi yaitali.

"Munayambira buku liti, bambo?"

"Lapansilo."

"Mulu uwu simunaugwirenso?"

"Manja anga analapa dzulo lomwe."

Anaseka mpaka kupukuta maso. Tagwira ntchito masiku atatu, ine kumasula mfundo, iwo kubwezera. Pamalo amodzi ndinaiwala kumanga, moti timapepala ta mabuku awiri tinasakanikirana, achita kuwawerenganso mabukuwo. Pamenepo ndilibe chonena.

Dzulo amaliza. Povala jekete m'mawa uno ndapeza kapepala m'thumba. Andilemba ine ngati limodzi la mabuku awo. Ndawerenga pang'onopang'ono, kakuti: "Bambo. Buku lakale, chikuto chinatha. Ndi lodalirika. Lisachoke m'nyumba muno, koma lisayandikire patebulo."

Kalatayi ndinaiyamba Lamulungu kuti ndikupemphe undipezere kokhala kwina. Pepala loyambalo ndang'amba, chikwamanso ndamasula. Ukamabwera undigulireko magalasi owerengera, kapepalaka ndikufuna ndizikaona bwino.

Mkazi wako akupereka moni. Sakudziwa kuti ndinalongedza, ndipo usawauze. Uzivala zofunda kumeneko.

Ndine bambo wako,
amene ndidakali kuno.