Labu Yanga ndi Fulashi ya ku Biwi

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Matope a Area 23 mpaka m'akakolo, nsapato zanga zatha ulemu. Kufika m'labu ya sukulu, makompyuta onse khumi ndi anayi uthenga umodzi pa sikirini: layisensi yatha. Kuwerenga zomwe unalemba kale, eya. Kulemba chatsopano, ayi. Ana a Fomu 4 angoyang'anizana. Wina kumbuyo akuti, "Madamu, ndiye kuti nawonso awathamangitsa fizi?" Ndaseka mpaka misozi. Kenaka ndakumbukira kuti mayeso a pulakitiko atsala miyezi inayi. Kuseka kwathera pomwepo.

A hedi akuti analemba kalata ku ofesi yaikulu ya maphunziro mu Novembala. Yankho lake: mgwirizano ndi kampani ya kunja yomwe imagulitsa mapulogalamuwo "ukuunikidwa". Makina ndi athu, magetsi ndi athu, ana ndi athu, koma kiyi ali ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja. Ndaphunzitsa kompyuta pa bolodi ndi choko. Ndajambula kiyibodi yokongola ndithu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ku Biwi, kushopu kwa a Rodgers okonza makompyuta. Kagulu kathu ka mapulogalamu otseguka, aja aulere omwe aliyense atha kuwaona m'kati ndi kuwasintha. Tinabwera asanu ndi awiri. Mipando inayi. Ena pa mabokosi a makina akufa. Kunja achinyamata a magalaja kugogoda zitsulo, kumvana movutikira.

Nkhani yomweyo ya chaka ndi chaka. Chikalata chathu chopempha kuti masukulu ndi maofesi a boma ayambe kugwiritsa ntchito mapulogalamu otseguka tinakapereka ku komiti ya aphungu zaka zitatu zapitazo. Nthawi zonse tikafunsa, akuti chili pa tebulo. A Rodgers: "Tebulo limenelo ndikufuna ndidziwe kalipentala wake, miyendo yake ndi yolimba."

Ndawafotokozera za labu yanga. Angotsegula diloo n'kundipatsa fulashi yabuluu, yong'ambika chivindikiro. Muli Linux, pulogalamu yotseguka yoyendetsa kompyuta, ndi zina zonse: yolembera, yowerengetsera, yojambulira. Pobwerera ndagula chimanga chootcha pasiteji. Chokoma, chanthete. Fulashi ndaimanga pansonga ya chitenje ngati agogo akupita kuchigayo.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

A hedi akana zoti ndiike za m'fulashi m'makina. Osati mwaukali, mwamantha. "Mayi Lena, katundu wa boma ameneyu. Popanda kalata ya kumwamba musachotse kanthu, musaikemo kanthu. Ine zaka ziwiri zatsala ndipume." Ndawamvetsa. Mayi wabwino, wadya choko zaka makumi atatu.

Masana ndaimbira a Rodgers. Akuti ndani wanena zoikamo? Kompyuta itha kudzukira pa fulashi pomwepo osakhudza za m'kati. Ukazula, yabwerera mmene inalili ndi uthenga wake wa layisensi. Ndayesa pa imodzi a hedi ataima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno. Yayaka. Ndalemba dzina lawo ndi zilembo zazikulu zofiira. Ndazula. Yabwerera kukugona. Anayang'ana kanthawi, kenaka: "Ine sindinaone kanthu." Potuluka anatembenuka, "Koma zofiira zija zinakhala bwino."

Vuto: fulashi imodzi, makina khumi ndi anayi.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ena akulandira maluwa lero, ine mafulashi. Ndinangolemba pa gulu lathu la pafoni. Anayi kuchokera ku Biwi, awiri kwa mlongo wina wa kukwaya, imodzi mwamuna wanga Ephraim wafufuta nyimbo zake za m'galimoto, nkhope ngati wafedwa. Kuphatikiza yabuluu ija ndi ena a aphunzitsi anzanga, afika khumi ndi awiri. Makina awiri otsalawo apume kaye. Ana atatu pa kompyuta iliyonse, phokoso la makiyi ngati mvula pa malata. Ndinaima pakhomo kungomvetsera.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Titaweruka kutchalitchi, ku Kawale kwa ababa. Anagwira ntchito yotayipa m'boma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, taipi yawo yakale ikadali pamwamba pa kabati, yofunditsidwa nsalu. Ndawauza kuti kagulu kathu kakumasulira mawu a m'pulogalamu yolembera kuti akhale m'Chichewa, popeza yotseguka palibe woletsa. Ndimati ndingocheza nazo. Iwo magalasi pamphuno, pepala ndi bolopeni.

Sunga. Fufuta. Tsegula. Sindikiza. Mawu achinsinsi. Izi tagwirizana msanga. Mkangano wabuka pa ulemu. Ife tinalemba kuti "Kodi watsimikiza?" Ababa: "Chitsulo chindinene iwe ine? Chinabadwa liti?" Ndiye tasintha zonse. Sungani. Fufutani. Kodi mwatsimikiza? Kodinira pa kompyuta kaja, ka "mouse" pa Chingerezi, akuti kakhale mbewa basi, palibe chifukwa chokakometsera. Amayi kukhitchini akuti bola isakhale yowamba.

Sindinawaonepo ababa akusangalala chonchi chipumireni ntchito. Atiperekeza mpaka pamsewu akunenabe mawu ena.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Masiku onsewa osalemba, kutopa. Magetsi kuzimazima, mafulashi awiri afa, ina mwana anapita nayo kwawo mwangozi, amake abweza okha m'mawa ndi mapeyala atatu opepesera.

Nkhani yaikulu: atiitana! Msonkhano wa za luso la makono ku hotela ina m'tauni, Lachiwiri likudzali. Aphungu a komiti ija adzakhalapo. Kagulu kasankha ine kuti ndikalankhule, mphindi khumi. Ndasita kale diresi ya buluu. Ephraim akuti ndisakalankhule ngati ndikukalipira Fomu 1.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndilembe bwanji.

Tinafika 8 koloko. Mlendo wolemekezeka 11 koloko. Pemphero, malonje, kuwomba m'manja, chithunzi cha gulu, tiyi. Mawu okoma okhaokha: dziko liyenera kudziimira palokha pa luso la makono, zinsinsi za Amalawi zisamasungidwe kunja, achinyamata ndiwo tsogolo. Ndinawomba nawo m'manja, chifukwa ndi zoona. Zomwezo ananenanso chaka chatha, mwina pepala lake ndi lomwelo.

Nthawi yanga inafika titadya nkhomaliro. Mipando yakutsogolo mbee. Aphungu onse apita, akuti kuli zochitika kumadera kwawo, chaka cha masankho chino. Wotsogolera mwambo anandinong'oneza kuti mphindi zikhale zitatu. Ndinalankhula kwa operekera zakudya, atolankhani awiri ndi a Rodgers. Ndinayatsa laputopu kuwaonetsa "Kodi mwatsimikiza?" pa khoma. Mtsikana wina wochotsa mbale anaima, kuwerenga, kuseka, n'kuitana mnzake. Ndiye omvera anga amenewo.

Chomwe agwirizana: akhazikitsa kagulu kapadera koti kaunike.

M'minibasi maganizo okhaokha. Sitikupempha ndege kapena msewu wa phula. Siginecha imodzi yokha, yonena kuti mphunzitsi asamaope kutsegula makina a sukulu yake. Ndalira pang'ono m'bafa. Diresi ndaipachika.

Lachitatu, 5 Malichi

Bwinoko. Ana a Fomu 4 apanga tebulo la mitengo ya pamsika wa Area 23 pa pulogalamu yowerengetsera. Mtsutso waukulu pa mulu wa tomato. Amayeserera m'Chichewa kaye, akamvetsa timatembenuzira ku Chingerezi cha mayeso. Akugwira msanga kuposa a chaka chatha, sindikunama.

Lachisanu, 14 Malichi

Zoseketsa sizitha. Phungu wa dera lathu anabwera dzulo kudzaona chimbudzi chomwe analonjeza. Mvula inamuthamangitsira m'labu. Kuona ana akulemba, kuona Chichewa pa sikirini, maso tong'o. Anajambulitsa atagwira mbewa chadodolido. Lero pa wailesi ndamva ndi makutu angawa: "Kudera kwanga tayamba kale kumasula ana athu ku ukapolo wa mapulogalamu akunja." Tayamba! Munthu yemwe anatuluka ndisanatsegule pakamwa ku hotela kuja.

Ndinapsa mtima mpaka ndiwo zinapserera. Koma tamverani izi. A hedi andiitana, nkhope yowala: "Mwamva wailesi? Ngati olemekezeka anena pagulu, ndiye kuti ndi zololedwa. Ikanimo zonse, zamafulashizi zatitopetsa." Zaka zitatu za makalata, chatsegula chitseko ndi mvula ndi bodza.

Loweruka, 15 Malichi

Tsiku lonse m'labu ndi a Rodgers ndi anzathu awiri. Ababa anakwera kabaza kuchokera ku Kawale, jekete ndi tayi, akuti adzaone ngati tinalemba molondola. Apeza zolakwika zinayi. Makina onse khumi ndi anayi ayaka, ngakhale awiri ogona aja. Ephraim wabwera ndi mandasi, watenganso fulashi yake mwachangu ngati wina amulanda.

Aphunzitsi a ku Chinsapo ndi ku Mgona aimba. Nawonso makina awo anatsekeka kalekale, ena akhala chaka ali m'makatoni.

Lachitatu, 26 Malichi

M'mawa galimoto yoyera pabwalo la sukulu. A hedi kudzandigwira dzanja: kwabwera bwana wa ku ofesi yaikulu, akufuna mphunzitsi wa kompyuta. Ndinaganiza za ntchito yanga, za penshoni ya a hedi, za ana.

Bambo wamtali, wa imvi, dzina a Luckson. Anazungulira labu. Kuyatsa iyi, kuzimitsa iyo. Anandifunsa amene anandipatsa chilolezo. Ndinati palibe, ana anali ndi mayeso. Anagwedeza mutu, n'kupempha a hedi kuti atisiye awiri. Chitseko chitatsekedwa anatsegula chikwama, kutulutsa laputopu. Uthenga womwe uja pa sikirini. Akuti kuofesi kwawo makina oposa makumi anayi ali chomwecho kuyambira Khirisimasi, malipoti akukatayipitsa kumsika. Mawu pansipansi: "Mayi, simungabwere Loweruka, kukakhala kulibe anthu? Zikhale za pakati pathu."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kukuwa. Ndinawakhazika pa benchi ya ana, laputopu yawo tinaikonza limodzi, iwo akudina okha ine ndikuloza. Anasangalala ngati mwana. Kenaka ndinawauza: kuofesi ndibwera, ndi anzanga omwe, ndipo sitilipiritsa. Koma osati Loweruka. Lolemba m'mawa, polowera pakhomo lakutsogolo, mabwana onse ali m'mipando yawo akuona.

Anapukuta magalasi awo pang'onopang'ono. Kenaka anafunsa kuti tingafune mipando ingati.