Chiwanda cha Ababa

Lolemba, 7 Julayi

Mlamu wanga Charmaine, mkazi wa mchimwene wanga Langton, wandilondola mpaka kumsika ku Chiwaridzo. "Tete, baba vane dhimoni." Akuti ababa ali ndi chiwanda, akuyankhula chinenero chachilendo, akukalipira anthu osaoneka. Lamulungu awatengera kuphiri kwa mneneri kuti akachitulutse. Ndaseka mpaka tomato wagwa pa benchi, koma pambuyo pake mtima wandiwawa.

Lachitatu, 9 Julayi

Ndinapita ku Aerodrome, kunyumba kwa Langton, kukawaona ababa. Ndinawapeza akuothera dzuwa pakhonde, akufuula, "Basopa! Checha, Staford!" Chiwanda chake n'chimenechi? Ndi Chilapalapa chabe, chija cha pansi pa mgodi, chosakaniza ndi Chichewa cha ku Dedza. Chishona chawathawa m'mutu, monga anatichenjezera adokotala. Staford anali mnzawo wa pamtima, mwala unamugwera mumgodi ine ndili giredi 3. Langton, chitsirizira, Chichewa amangochimva patalipatali. Mkazi wake ndi ana ndiye ngakhale moni.

Pobwerera mu kombi ndinakumbuka kukomboni ya mgodi kumene tinakulira. Loweruka masana ababa akutsuka majombo pampopi, ife titawazungulira n'kumafunsa kumene ziwanda zimachokera. Ankati chiwanda ndi munthu wofera kutali, amene kwawo sanamulire maliro. "Si choipa ayi, n'chosochera." Amayi ali m'nyumba: "A Yotamu, musanamize ana! Ziwanda ndi angelo ogwa, zinalembedwa!" Ankatsutsana mpaka tiyi kuzizira, kenaka n'kumwera kapu imodzi. Ndawasowa amayi. Akanakhalapo, Charmaine akanaona zakuda.

Lachisanu, 11 Julayi

Takangana ndi L. pafoni. Ndamuuza kuti kuphiri kuja amakankha anthu n'kuwagwetsa pamiyala, ndipo ababa ali ndi zaka 84, chiuno n'chofooka kale. Akagwa sadzukanso. Iye akuti, "Sisi, ndatopa. Simukhala nawo inu." N'zoona, sindikhala nawo. Ndadula foni ndi manyazi.

Loweruka, 12 Julayi

Ndipita nawo basi. Akawagwetse ine ndikuona.

Lamulungu, 13 Julayi

Dzuwa lili paliwombo, anthu a zoyera atazungulira, ababa pakati atavala jekete yawo ya tchalitchi. Mneneri anawaloza ndi ndodo. "Ndiwe ani? Wakabva kupi?" Ababa anangomuyang'ana. Ine pakamwa panga sipamva, ndinawamasulira: "Akuti ndinu ndani, munachokera kuti."

Ababa anaimirira njo ngati pamaso pa kapitawo. "Yotamu Pensulo, wa ku Dedza. Ndinabwera pa lole mu 1961."

"Rataura! Buda!" mneneri uja akulamula chiwanda kuti chituluke, ndodo m'mwamba, anthu akuombera m'manja kuti chiwanda chaulula.

Ababa anamugwira mkono wa mkanjo mwaulemu. "Bwana, mnzanga akadali pansi. Mwamutulutsa?"

Izi sindinamasulire. Koma Langton anamva. Ndinangoona walowa pakati, waima pakati pa ndodo ndi ababa. Charmaine akumukoka malaya, iye osacheuka. Langton anagwada, n'kuyankhula Chichewa chake chopindikapindika, chimene ndinachimva komaliza ali mwana.

"Ababa, shifiti yatha. Tiyeni kunyumba."

Ababa anamuyang'anitsitsa.

"Iwe ndiwe mwana wa yani, wodziwa kuyankhula chonchi?"

"Wanu, ababa."

Tatsika phiri pang'onopang'ono, iwo atamugwira dzanja, akumuuza za ku Dedza njira yonse.