Nkhalamba Inayo

Lachitatu, 12 Febuluwale

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kuno tili moyo, palibe amene anavulala, ndipo denga la nyumba lili pomwe munalisiya. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti mtima wanu sunakhale pansi chimvereni za chimphepo chija.

Mudabwa kulandira kalata kwa ine, munthu woyenda ndi foni m'thumba tsiku lonse. Dzana lija munandiimbira n'kumandithokoza kuti ndikusamala bwino amayi, ine ndinkangoti eya, eya, thukuta lili kamukamu. Zimene ndinayenera kukuuzani zinakana kutuluka pakamwa, ndiye ndati mwina dzanja lingathe.

Amayi anyamuka Loweruka pa basi ya m'mawa. Anakuuzani kuti akubwera chifukwa pabwalo pakutentha chigwereni mtengo, komanso kuti apukwa zidzukulu. Kutenthako n'koona ndithu, masana munthu sungaime pakhomo. Koma chimene chikuwachotsa pano si dzuwa ayi. Ndine.

Linali Lamulungu lija, masabata awiri apitawo, masana titangomaliza kudya. Kumwamba kunada mbali imodzi, kunja kunachita bata loti ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa. Kenako mphepo inafika ngati yochita kutumidwa. Malata a anthu ankauluka ngati mapepala, ndowa zikugubuduzika mumsewu. Mlamu wanu anakokera ana m'kachipinda kapakati kaja, koma amayi anakana kuchoka pawindo la pabalaza. Anaima pomwepo atagwira katani, akuyang'ana mtengo wawo wa mbawa ukuwerama n'kudzuka, kuwerama n'kudzuka. Ulendo wina sunadzukenso. Tinamva pansi pakunjenjemera ndi chiphokoso ngati cha lole yokhuthula miyala. Unagwera chakumsewu, n'kuphwanya geti, mpanda ndi benchi yawo ija, koma nyumba sunaikhudze. Mizu inatukula dothi kutalika kuposa munthu.

Mphepo itapita tinatuluka, ndipo msewu wathu simukanauzindikira. Mitengo ya jakaranda ya njira ya kusukulu inagona motsatana. Mango a aphunzitsi opuma ntchito aja anang'ambika pakati. Mkuyu wa pasiteji nawonso unazuka, ndipo bambo osoka nsapato amene akhala patsinde pake kuyambira tili ana anangoima ndi kabokosi kawo m'manja, kusowa poukhazika. Kumwamba kunakula modabwitsa. Nyumba zimene sitinkaziona zinayamba kutiyang'ana.

Inu mukudziwa kuti ine ndi mtengo umenewu sitinkamwerana madzi. Sikuti ndinkadana nawo. Ndinakwera nthambi zake, ndinathyokapo mkono, ndinaphunzira kuwerenga pamthunzi pake amayi akupalasa makina awo osokera. Koma unaima pamalo okhawo pamene ndikanamanga shedi yanga yowotcherera zitsulo. Ija ndimabwereka kuseri kwa msika imadontha, ndipo ntchito ya magetsi pamadzi ndi kusewera ndi moyo. Ndinawapempha amayi kangapo kuti tiudule. Yankho lawo linali limodzi, lakuti anaudzala okha inu muli kumsana, anauthirira ndi madzi otsukira mbale, ndiye ndidzaudule ndikadzawaika m'manda. Ndinkaseka n'kuisiya nkhaniyo, koma mumtima sinkachoka.

Madzulo a tsiku lomwelo anthu anayamba kubwera. Mlamu wanu anatulutsa mipando, amayi anakhala pafupi ndi thunthu atasanjika dzanja pakhungwa ngati akugwira mphumi ya wodwala. Sanalire. Aphunzitsi aja ananena kuti moyo wawo wonse akhala akulondolera alendo ndi mtengo umenewu, tsopano sakudziwa kuti azidzati amakhala pati. Mayi ogulitsa makala anakumbutsa kuti diresi lawo la ukwati anawayeza pamthunzi womwewo, anthu n'kuseka pang'ono poona mmene thupi lawo lilili lero. Kunali kucheza kwa anthu amene ataya chinthu chimodzi.

Ine ndinazungulira kumsewu kukaona mmene geti lapindikira. Nthambi ndi masamba zinaunjikana ngati chipupa, moti pabwalo sindinkaonapo, ndipo m'mutu mwanga ndinkangoti ndili ndekha. Pamenepo foni inalira. Anali mnzanga womanga nyumba uja timamuti Kanjerwa, amene anandijambulira kale pulani ya shedi. Anandifunsa ngati zili zoona kuti chimtengo chagwa. Ndinamuuza kuti mphepo yagwira ulere ntchito imene ine yandikanika zaka zonsezi, akonzeke kudzayeza malo. Iye anafunsa mwanthabwala ngati eni mtengo avomera. Achemwali, ndilemba mmene ndinanenera, osachotsa kapena kukometsa. Ndinati:

"Nkhalamba imodzi yagwa, yatsala inayo."

Ndipo ndinaseka. Sikunali kuseka kwa pang'ono ayi, ndinaseka mpaka kugwira geti.

Nditadula foni ndinazindikira kuti kuseri kwa masamba kuli zii. Kucheza konse kuja kunali kutatha. Kenako ndinamva mawu a amayi, osakweza, ngati akuitana mwana kuti adzadye:

"Inayo ili pompano, mwananga. Makutu ake sanagwe."

Njira ina yolowera kunyumba panalibe. Ndinayenera kuzungulira mizu ija n'kudutsa pakati pa anthu onse. Aphunzitsi ankayang'ana nsapato zawo. Mayi a makala anagwira pakamwa. Mlamu wanu anadzuka n'kulowa m'nyumba osandiyang'ana. Amayi okha ndi amene anandiyang'ana m'maso, kenako anatembenukira kwa alendo n'kupitiriza kuwathokoza chifukwa chobwera. Ndikanakonda akananditukwana, kapena kundigenda ndi ndodo yawo. Sanatero.

Chiyambire tsiku limenelo amayi asanduka mlendo waulemu m'nyumba yawo yomwe. Ine amene akhala akunditi iwe kuyambira ndili wamaliseche, tsopano ndine inu. M'mawa amandipatsa moni kuti mwadzuka bwanji bambo. Akafuna kukhala pakhonde amayamba afunsa ngati sakutsekereza njira. Tiyi amathira shuga theka la supuni, n'kubweza chitini mwakachetechete ngati cha eni ake. Mwana wathu wamkazi wamkulu anandifunsa kuti agogo alakwa chiyani kuti azipepesa chilichonse, ine ndinanamizira kufunafuna makiyi.

Za mtengowo sanandifunse kanthu. Anatuma okha uthenga kwa anthu ocheka matabwa, ndipo pamene makina ankalira iwo anakhala pampando ataphimba mphuno ndi mpango, akuloza poyenera kudula. Matabwa onse anagawa. Ena anapita kwa mayi wamasiye wa kuseri kwathu amene denga lake linasasuka, ena kwa aphunzitsi, ndipo nthambi zowongoka anapatsa bambo osoka nsapato kuti aimike kamthunzi pasiteji. Anthu ankabwera ndi mawilibala, kuthokoza amayi ndi manja awiri, ine n'kungondipatsa moni wa m'mbali. Pabwalo patayera, amayi anandiitana n'kunena kuti malo anu aja ndi awa bambo, tachotsapo zinyalala.

Nkhani inafika kumsika ine ndisanafikeko. Munthu wina wodzatenga mafelemu a mawindo anandifunsa akumwetulira kuti nkhalamba zili bwanji kunyumba, anzanga a mashedi oyandikana n'kuphulika kuseka. Ndinatsitsa chigoba chowotcherera kumaso ngakhale panalibe chimene ndinkawotcherera. Kanjerwa anabwera ndi tepi yake yoyezera, ndinamubweza ali pamsewu. Iye alibe mlandu, mawu aja anatuluka m'kamwa mwanga. Mlamu wanu atatsegula pakamwa za nkhaniyi anangoti shedi ankaifuna nayenso, koma tsopano ngakhale nditaimanga yokongola bwanji sadzapondamo. Anawonjeza kuti tsiku lina nafenso tidzakhala nkhalamba m'nyumba ya ana amene anamva zimene ndinanena.

Ndayesa kudziuza kuti zinali nthabwala chabe, zocheza za amuna pafoni. Koma ndikakhala ndekha ndimadzifunsa bwinobwino. Imfa ya amayi sindinaifunepo, Mulungu ndi mboni. Komabe mawu akuti amayi akadzapita ndidzachita chakuti, ndawanenapo mumtima kambirimbiri, poyang'ana mtengo uja, poyang'ana chipinda chawo chachikulu pamene ana anga akupanikizana m'kachipinda kamodzi. Ndinkaganiza kuti ndi mapulani chabe a munthu wabanja. Sindinadziwe kuti akhala akukula mpaka kupeza njira yotulukira.

Dzulo m'mawa ndinawapeza m'chipinda mwawo akuthira mafuta makina osokera. Anali atawachotsa pathebulo lake, kutanthauza kuti akupita nawo. Inu mukudziwa kuti makina amenewo sanatulukepo pakhomo pano, ngakhale nthawi ija anakakhala kwanu miyezi ingapo mutabereka. Ndinagwada pakhomo. Ndinanena zonse zimene munthu anganene, kuti ndinalakwa, kuti lilime linaterereka, kuti shedi sindimanganso. Anandisiya mpaka ndinamaliza, akupukuta singano ndi kansalu. Kenako kwa nthawi yoyamba anandiitananso kuti iwe.

"Dzuka iwe, pansipo pali mafuta. Mawu ako sanandipweteke kwenikweni. Kukalamba ndakalambadi, sunaname."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji akuchoka.

"Kuseka kuja. Papita zaka ndisanakumve ukuseka choncho pakhomo pano. Ndinkati mwina ntchito ikukulemera, mwina m'banja muli zina, ndinkakupempherera. Sindinadziwe kuti amene tinakukhala pachifuwa ndi ine ndi mtengo wanga."

Ndinakana, ndinalumbira, misozi ikugwera pasimenti ngati kamwana. Iwo anati asandinamize kuti akwiya, chifukwa mkwiyo ukanakhala wosavuta, umatha. Anati akungofuna akakhale kumene akakhosomola m'mawa sakadzifunsa ngati wina akuwawerengera masiku. Atatero anandipempha kuti ndiwapezere katoni yolimba ndi chingwe. Ndinakawapezera, ndipo makinawo ndinamanga ndine.

Tsono ndili ndi zopempha zingapo, achemwali. Mukawachingamire kudepoti, musatume mwana, chifukwa katoniyo ndi yolemera ndipo bondo lakumanzere lawavuta chiyambire mvula. Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ndawaika m'kathumba ka m'mbali mwa chikwama chakuda, amamwa m'mawa akadya, koma amaiwala dala ngati palibe wowayang'ana. Usiku amafuna windo lotsekula pang'ono ngakhale kuzizire. Ngati pakhomo panu pali kamthunzi kalikonse, muwaikire mpando pamenepo.

Adzakuuzani zabwino zokhazokha za ine. Ndawamva kale akuuza mlamu wanu kuti nkhani ya pabwalo isapite kutali, mwana asanyozeke kwa alamu ake. Akayamba kundiyamikira musawatsutse, muwasiye, ndi chokhacho chimene chawatsalira chondichitira. Koma inu mudziwe zoona zake, ndipo musadzandithokozenso pafoni. Ngati mufuna kundikalipira, imbani nthawi iliyonse, ndidzamvetsera mpaka mumalize. Alamu muwauze kapena musawauze, zili kwa inu, ine ndilibenso nkhope yoti nditeteze.

Musawafunse tsiku lobwerera, ndipo musawakakamize kuti andikhululukire. Chipinda chawo chikhala mmene achisiyire. Ana anayamba kale kufunsa ngati asamukiremo, ndawakaniza. Chitsa chili pomwepo, ocheka matabwa anafuna kuchiwotcha koma ndinawaletsa, ngakhale sindikudziwa kuti ndikuchisungira chiyani. Madzulo ndikaweruka ndimapezeka ndakhalapo.

Mlamu wanu akupereka moni, akuti nsalu ija munatumiza inafika. Ana akuti moni kwa azakhali awo ndi kwa abale awo onse, wamng'ono akuti mumutumizire agogo ake msanga akamaliza kucheza. Moni kwa alamu, muwathokoze polandira amayi mosawiringula. Aphunzitsi ndi mayi a makala akuti ndikupatseni moni, anauza mlamu wanu, osati ine.

Amayi sakudziwa kuti ndakulemberani. Akafika, akapuma, akamwa madzi, mudzawauze kuti mzime wawo akupereka moni. Mudzanene ngati wachokera kutali, chifukwa kuno tikugona nyumba imodzi koma moni wanga sukuwafika.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa amayi.