Mphindi 35 zomwe sizili m'buku

Lolemba, 9 Juni

Bambo uja wamwalira. Wa vuto la mtima uja, yemwe ndinakamutenga pa ambulansi Lachisanu. Foni inalowa 7:10, ine galimoto ndinaitulutsa 7:45. Mphindi 35. Adokotala akuti mwina akanapulumuka, mwina ayi. "Mwina" ameneyu ndi amene akundidya.

Kumene ndinali sindinauze munthu. Pa basi, mwana ali pamiyendo, kukamusiya kwa achemwali. Kosungira ana anakweza mtengo mwezi watha, tinamuchotsako. Amake amalowa 6 koloko ku fakitale. Ndiye m'mawa uliwonse ndi ine, mwana, chikwama cha matewera, mabasi awiri.

Lachitatu, 11 Juni

Nkhani yafika pa wailesi. Mwana wa malemu walankhula. Ndinazimitsa, kenako n'kuyatsanso.

Kuntchito kuli zii. Ife timaphimbirana, mnzako akachedwa umamukonzera nthawi m'buku. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Asisi olandira mafoni analemba kuti uthenga anandipatsa 7:45. Ndiye papepala ine ndinanyamuka pompo, wochedwa ndi iwo. Anandinong'oneza pakhomo: "Muli ndi kamwana achimwene, khalani chete." Ngati iwo alibe. Atatu, ndipo akulera okha.

Lachisanu, 13 Juni

Mtsutso wa ofuna mpando pa chisankho chikubwerachi, pa TV ya m'chipinda chodikirira. Tinaonera chiimire, ine, alonda ndi anamwino awiri. Wa tayi yofiira akuti ndalama za mafuta a ambulansi zinathera pa masola a padenga la chipatala. Wa magalasi akuti ayi, magetsi akazima mafoni amafa, masolawo ndi amene akupulumutsa anthu. Mpaka kulozana zala. Dzina la malemu analitchula kasanu ndi kawiri, ndinkawerenga. Tsiku lija mafuta anali odzaza. Magetsi sanazime.

Wachitatu, mayi, anayamba za mtengo wosungitsa ana, akuti makolo akugwira ntchito mtima uli kwina. Woyendetsa mtsutso anamudula pakamwa: "Amayi, pano tili pa za ambulansi." Anthu anaseka. Alonda nawo anaseka. Ine ndinatuluka kukatsuka galimoto yotsuka kale.

Lamlungu, 15 Juni

Mwana watentha thupi pang'ono, mano. Ndawauza amake zonse. Anamaliza kupinda zovala, kenako: "Akakuchotsani tidya chiyani?" Sindikuwada, funsolo n'loona. Ndayankha kuti sindikudziwa. Mantha ndili nawo, osabisa.

Lachiwiri, 17 Juni

Asisi a mafoni aja awaimitsa ntchito. Akuluakulu amafuna munthu womuonetsa kwa anthu chisankho chisanafike, amupeza. Kapu, juzi ndi chithunzi cha ana, zonse m'jumbo imodzi. Sanatsanzike. Pampando pawo pakhala wina wosadziwa n'komwe misewu.

Masana wa tayi yofiira anabwera ndi atolankhani kudzajambulitsa pa ambulansi yanga. Anandigwira chanza: "Inu madalaivala ndinu ngwazi, vuto ndi masola." Dzanja lofewa ngati la khanda. Ine n'kuti zikomo bwana. Zikomo bwana! Ndadzinyansa tsiku lonse.

Lachinayi, 19 Juni

Ofufuza akundifuna mawa 8 koloko. Akuti kungosaina kuti uthenga ndinaulandira 7:45. Kungosaina basi, ntchito ipitirire.

Ndawaimbira asisi, kawiri. Kachitatu anayankha mwana wawo wamkulu, akuti amayi apita kukafunsa ntchito kusitolo ina.

Tikiti ya basi ya tsiku lija ndaipeza m'chikwama cha matewera, pansi pa botolo. Nthawi ikuoneka bwinobwino, 7:22. Ndinaigwira kuti nding'ambe. Ili m'thumba la malaya.

Lachisanu, 20 Juni

6:30. Achemwali adwala, lero sangamusunge. Amake apita kale, pa tebulo asiya malaya osita, tikiti ija sanaichotse. Anaiona, ndikudziwa.

Chabwino, ndipita naye konko. Akandifunsa kumene ndinali Lachisanu lija, yankho likhala lili pamiyendo panga. Sindisaina.

Nsapato yake imodzi sikuoneka, ndipo basi ya 6:45 yatsala pang'ono kufika.