Madzi a M'dziwe la pa Loji

Kuphiri, Ntchisi
16 Okutobala 1995

Okondedwa achimwene a Solomoni,

Mukukumbukira tsiku lija munandikankhira m'dziwe la kumunsi kwa Bowe kuti ndiphunzire kusambira? Ndinamwa madzi amatope mpaka kusanza, inu mukuseka pamwala. Madzi amene aja sanapweteke munthu. Amene ndikusamala masiku anowa ndi oyera ngati galasi, koma ndikuwaopa.

Monga ndinakuuzani, digiri yanga yandipezetsa ntchito yoyang'anira dziwe losambiramo alendo pa loji yatsopano ija, kumtunda kwa dimba lanu. Bwana anati, "Munthu wa kemisitiri, izi ndi zoseweretsa kwa iwe." Ndinachita manyazi kunena kuti ntchitoyi sindinaigwirepo.

Pofotokoza ndi yophweka. M'mawa umatunga madzi m'kabotolo n'kudontheza mankhwala oyezera. Akafiira kwambiri, umathira asidi pang'ono m'dziwemo, n'kudikira mpaka madzulo usanayezenso. Akakhala pakatikati ndiye kolorini amagwira bwino, ndere sizimera. Chachikulu ndi kudikirako, ndipo ine sindinadikire.

Loweruka lapitali kunkabwera alendo a bungwe lina logwira ntchito ku Dzaleka, dziwe litabiriwira. Ndinakhuthuliramo chidebe chonse cha kolorini, madzi n'kuchita mbuu. Ndinathira asidi, ndinawonjezanso kolorini, mpaka fungo lake linkaluma m'maso. Ndiye ndinatsegula paipi yotayira madzi kuti ndiyambirenso, onse n'kutsikira m'ngalande. Sindinafunse komwe ngalandeyo imathera. Imathera pachitsime chomwe alamu a Margareta amatungapo madzi othirira nazale yanu ya fodya.

Mbande zonse zapsa, achimwene, ndipo mvula yayandikira.

Alamu akuti amene wachita izi ndi a Agustino a dimba loyandikana ndi lanu, poti munakangana nawo nthawi ya chisankho. Dzulo ndinawapeza akulozana zala pachitsimepo.

"Mpaka kundithirira mankhwala chifukwa cha nsalu ya chipani basi?" anatero alamu.

"Mayi inu, nsalu yanuyo ngakhale mbuzi zanga sizikuyiyang'ana," anayankha a Agustino.

Alamu anatembenukira kwa ine. "Inu a kuyunivesite, tanunkhizani madziwa muwauze bambowa."

Ndinanunkhiza. Fungolo ndinalidziwa. Ndinati ndiyenera kukawayeza kaye.

Nkhaniyi alamu akuitengera kubwalo la amfumu Lachitatu. A Agustino ali ndi mbande zambiri zotsala, ndipo chaka china chilichonse akanakugawirani osafunsa, koma ndani angagawire munthu amene akumutcha mfiti? Ine ndikalankhula, dzina la loji litchulidwa pabwalo, ndipo ntchito yanga ithera pomwepo. Masiku awiriwa ndakhala ndikuyeza madzi a m'dziwe mobwerezabwereza. Tsopano ali bwino kwambiri, alendo akuwayamikira.

Ndikupempheni, muwalembere a Agustino mawu abwino, ochokera kwa inu mwini dimba. Ine mundikalipire mmene mungafunire.

Amayi ali bwino, mwendo wokha ndi umene ukuwavuta. Iness wanu wayamba kulemba dzina lake, ndipo amandithamangira ndikamadutsa. Sindikudziwa ngati mawa adzaterobe. Moni kwa onse akwathu ali ku Joniko.

Alamu ndi amene atumize kalatayi pamodzi ndi yawo. Ndi awo akukwera mtunda kudzaitenga, keni yothirira ili m'manja. Ndaipinda, koma sindiimata. Ndiwapempha kuti akhale pansi aiwerenge ine ndili pomwepo.

Ndine mng'ono wanu,
Vinsenti